Ulendo wa Mawu m'Mpweya, m'Madzi ndi m'Chitsulo

Munthu amene waima pachitunda ndi kuyang'ana mnzake akudula mtengo kutsidya kwa dambo amaona chinthu chodabwitsa. Nkhwangwa imatera pamtengo mwakachetechete, ndipo kugunda kwake kumafika m'khutu wodulayo atakwezanso kale mikono. Momwemonso amayi akamasinja patali, munsi umaoneka uli m'mwamba pa nthawi imene khutu likumva kuti wagwa mumtondo. Ambiri anaziona zimenezi kuyambira ubwana wawo, koma ndi owerengeka amene anafunsapo chifukwa chake.

Chifukwa chake ndi chakuti mawu amakhala pa ulendo, ndipo ulendo uliwonse umadya nthawi. Ndiponso mawu sauluka okha monga mbalame, koma amafuna chinthu chowanyamula. Zowanyamula zilipo za mitundu itatu: mpweya, zinthu zamadzimadzi, ndi zinthu zolimba monga chitsulo, mtengo ndi mwala. M'nkhani ino dzina lakuti mawu likuimira chilichonse chimene khutu limamva, kaya ndi kulankhula kwa munthu, kulira kwa ng'oma, kapena kugunda kwa bingu.

Chiyambi cha mawu

Chinthu chilichonse cholira chimanjenjemera. Woimba ng'oma akamwaza njere za mapira pachikopa naimenya, njerezo zimadumphadumpha. Munthu akagwira pakhosi pake polankhula amamva kunjenjemera m'zala. Akagwira belu limene likulira, belulo limatonthola pomwepo, pakuti dzanja laletsa kunjenjemera kwake.

Mpweya, ngakhale suoneka, ndi wopangidwa ndi tizidutswa tating'ono kwambiri tosawerengeka. Chikopa cha ng'oma chikatukukira kunja chimakankha tizidutswa toyandikana nacho, timeneti timakankha tinzake, tinzaketo tinzakenso, kufikira kukankhako kutafika m'khutu la womvera. Chikopa chikabwerera m'kati, tizidutswa timabwereranso m'malo mwake. Zimenezi zimachitika kambirimbiri pa sekondi imodzi. Kunjenjemera kukamachitika pafupipafupi mawu amakhala aang'ono ngati a mluzu, ndipo kukamachitika patalipatali amakhala aakulu ngati a ng'oma yaikulu. Khutu la mwana wathanzi limamva kunjenjemera koyambira ka 20 kufikira ka 20,000 pa sekondi.

Fanizo labwino limapezeka pa siteshoni ya sitima. Injini ikagunda bogi loyamba la mabogi oima pamzere, kugundako kumamveka kukuthamanga kuchokera ku bogi lina kunka ku linzake mpaka kumapeto. Bogi loyamba silinapite kumapeto. Lasuntha pang'ono chabe. Chimene chayenda ndi kugundako. Mawunso ndi otero. Mpweya wa pakamwa pa wolankhula sufika m'khutu la womvera, ndipo ndicho chifukwa chake utsi wa moto suthamangira kwa anthu pamene ng'oma ikulira pambali pake.

Popanda chonyamula palibe mawu

Ngati mawu amafuna chowanyamula, ndiye kuti pamalo popanda kanthu sipangamveke kanthu. Katswiri wina, dzina lake Robert Boyle, anafalitsa umboni wa zimenezi m'chaka cha 1660. Iye anapachika wotchi ndi ulusi m'kati mwa botolo lalikulu lagalasi, nayamba kuchotsamo mpweya ndi pampu imene anapanga mothandizana ndi Robert Hooke ku Oxford. Pamene mpweya unali kuchepa, kulira kwa wotchi kunali kuzirala, kufikira kunaleka kumveka, chikhalirecho wotchiyo inali kuyendabe. Atalowetsanso mpweya, kulira kuja kunabwerera.

Ku mwezi kulibe mpweya wonyamula mawu. Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin atatsika kumeneko m'chaka cha 1969, ngakhale anali kuima moyandikana, analankhulana ndi wailesi ya m'zovala zawo. Mwala waukulu ukagwa pa mwezi, munthu woima chapatali angaone fumbi lake ndi kumva kugwedezeka m'mapazi, koma phokoso lodzera m'mlengalenga sangalimve.

Mawu m'mpweya

Pa tsiku lofunda bwino, la madigiri 20 a Celsius, mawu amayenda mamita 343 pa sekondi imodzi m'mpweya. Kumeneko ndi kunena kuti amatha kilomita imodzi m'masekondi atatu. Liwiro limeneli ndi lalikulu poliyerekeza ndi la galimoto, koma ndi laling'ono zedi poliyerekeza ndi la kuwala, kumene kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi. Nchifukwa chake diso limaona nkhwangwa itatera khutu lisanamve.

Kutentha kumasintha liwiro la mawu. Pa kuzizira koumitsa madzi amayenda mamita 331 pa sekondi, ndipo mpweya ukamatentha liwiro limakwera pang'onopang'ono, pakuti tizidutswa ta mpweya wotentha timayenda mofulumira. Apa ndi pamene pagona yankho la funso limene anthu a m'midzi amafunsa kawirikawiri, lakuti bwanji ng'oma za gule zimamveka kutali usiku koposa usana. Chifukwa chimodzi ndi chakuti usiku phokoso lina limachepa. Chifukwa chachiwiri ndi ichi: masana mpweya wa pansi umatentha koposa wa m'mwamba, ndipo mawu amapindikira kumwamba natayika; koma usiku wopanda mitambo nthaka imazizira, mpweya wozizira umakhala pansi, wofunda pamwamba pake, ndipo mawu amene anali kukwera amapindikiranso pansi nafika kumidzi yakutali.

Mawu amafooka poyenda, chifukwa mphamvu yawo imamwazikira mbali zonse. Komabe phokoso lalikulu kwambiri limafika kutali kodabwitsa. Pa 27 August 1883 phiri la Krakatoa, m'dziko limene lero ndi Indonesia, linaphulika. Anthu a pachilumba cha Rodrigues m'nyanja ya Indian Ocean, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 4,800, anamva kugunda kumene anakuyesa mizinga yakutali. Phokosolo linawafika patapita maola pafupifupi anayi phirilo litaphulika.

Mawu m'madzi

Ambiri amaganiza kuti pansi pa madzi ndi pa chete. Koma mwana wosambira amene anamizapo mutu mnzake akugundanitsa miyala iwiri m'madzi amadziwa kuti kugundako kumalasa m'khutu mwamphamvu. Asodzi nawonso amadziwa. Pofuna kuingitsira nsomba kuukonde amamenya madzi ndi nkhafi kapena kugogoda mabwato awo, ndipo pofuna kuti nsomba zisathawe amapalasa mosamala, osagunditsa kanthu.

Liwiro la mawu m'madzi linayesedwa bwino m'chaka cha 1826 pa nyanja ya Geneva ku Switzerland, ndipo ntchitoyo inali ya Daniel Colladon ndi Charles Sturm. Ngalawa ziwiri zinaima motalikirana makilomita oposa 13. Pa ngalawa yoyamba anamiza belu m'madzi, nakonza kuti nyundo yomenya belulo iyatsenso wonga pa nthawi yomweyo. Pa ngalawa yachiwiri Colladon anali ndi wotchi m'dzanja ndi chitoliro chachitali, mbali ina m'madzi, mbali ina kukhutu. Ataona kung'anima kwa wonga usiku anayamba kuwerenga nthawi, ndipo belu linamveka patapita masekondi oposa 9 pang'ono. Anapeza kuti m'madzi ozizira a m'nyanjayo mawu amayenda mamita 1,435 pa sekondi. Zipangizo za masiku ano zimaonetsa kuti sanaphonye kwenikweni. M'madzi ofunda a madigiri 20 liwiro ndi mamita pafupifupi 1,480, ndiko kuposa kanayi liwiro la m'mpweya.

Nanga ngati madzi amanyamula mawu bwino chotero, bwanji munthu amene wamira samva bwino anzake akumuitana kumtunda? Chifukwa chake ndi chakuti mawu amavutika kuoloka malire a zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Mpweya ndi wopepuka ndi wofewa, madzi ndi olemera, ndipo kukankha kwa mpweya sikugwedeza madzi mokwanira. Mwa magawo 1,000 a mphamvu ya mawu ofika pamwamba pa madzi, pafupifupi gawo limodzi lokha ndi limene limalowa, ndipo otsalawo amabwerera m'mwamba.

Kubwerera kwa mawu kumeneku kuli ndi ntchito yake. Munthu akafuula pafupi ndi phiri amamva mawu ake akumubwerera, ndipo m'madzinso zimatero. Sitima yapamadzi ya Titanic itamira m'chaka cha 1912 chifukwa chogunda phiri la madzi oundana, akatswiri anafunafuna njira yodziwira zobisika m'nyanja. M'chaka cha 1914 Reginald Fessenden anatumiza mawu m'madzi, namva kubwerera kwawo kuchokera ku phiri lotere pa mtunda wa makilomita pafupifupi atatu. Lero zombo zimayesa kuya kwa nyanja mwa njira yomweyo, ndipo zina zimapeza nayo magulu a nsomba. Pamalo pozama koposa pa nyanja ya Malawi, pamene pali mamita pafupifupi 700, mawu amatsika mpaka pansi ndi kubwerera sekondi imodzi isanakwane.

Mawu m'zinthu zolimba

Mwana wa sukulu angayese chinthu ichi popanda kugula kanthu. Agoneke khutu pamapeto a tebulo lalitali, mnzake akande pang'ono ndi chikhadabo kumapeto enawo. Kukandako, kumene sikumveka konse m'mpweya, kumamveka bwinobwino m'thabwa. Alenje akale ankadziwa nzeru yomweyi pamene ankagoneka khutu pansi kuti amve mgugu wa nyama zothamanga.

M'chaka cha 1808 Jean-Baptiste Biot anayesa liwiro la mawu m'chitsulo mumzinda wa Paris, pogwiritsa ntchito mapaipi a madzi olumikizana, otalika mamita 951. Kumapeto amodzi kunamenyedwa kamodzi kokha, koma womvera kumapeto enawo anamva kawiri. Kulira koyamba kunadzera m'chitsulo, ndipo kwachiwiri, kodzera m'mpweya wa m'kati mwa paipi, kunafika patapita masekondi awiri ndi theka. Masiku ano kwadziwika kuti m'chitsulo cha njanji mawu amayenda mamita pafupifupi 5,000 pa sekondi. Kilomita imene mawu amaitha m'masekondi atatu m'mpweya, m'madzi amaitha sekondi isanakwane, ndipo m'njanji amaitha m'gawo limodzi la magawo asanu a sekondi. Ndicho chifukwa chake njanji imayamba kulira sitima isanaoneke. Koma kugoneka khutu panjanji ndi kuseweretsa moyo, pakuti sitima siingathe kuima msanga, ndipo makolo ayenera kuletsa ana awo mwambo umenewu.

Chifukwa cha kusiyana kumeneku

Anthu ambiri, ngakhale ophunzira, amati mawu amathamanga m'chitsulo chifukwa chitsulo ndi cholemera. Zimenezi si zoona. Kulemera pakokha kumachedwetsa mawu, monga bogi lodzaza limachedwa kusuntha koposa lopanda katundu. Chimene chimafulumizitsa mawu ndi kuuma kwa chinthu, ndiko kukana kwake kufinyika. Mabogi olumikizidwa ndi unyolo wolendewera amachedwa kupatsirana kugunda, koma olumikizidwa mothina amasunthira pamodzi.

Pampu ya njinga imaonetsa bwino zimenezi. Munthu akatseka kabowo kake ndi chala nakankha, mpweya umafinyika ndipo mpini umalowa ndithu. Akadzazamo madzi, mpini sulowa konse. Madzi amalemera koposa mpweya pafupifupi ka 800, koma amakana kufinyika koposa mpweya pafupifupi ka 15,000. Kuuma kwawo kumagonjetsa kulemera kwawo, motero mawu amathamanga. M'chitsulo tizidutswa ndi togwirana zolimba, kotero kuti kamodzi kakasuntha, kanzake kamasuntha nthawi yomweyo. Umboni wina ndi mtovu, umene asodzi ena amamangirira kuukonde kuti umire. Mtovu umalemera koposa chitsulo, koma ndi wofewa, ndipo liwiro la mawu mu mtovu silifika ngakhale theka la liwiro lawo m'chitsulo.

Sizinthu zonse zogwirika zimene zimanyamula mawu bwino. Thonje, bulangete, udzu, mchenga ndi mphira zimameza mawu, chifukwa ndi zofewa kapena zili ndi timipata tambiri mmene kunjenjemera kumathera. Mvula ikagwa pa denga la malata anthu a m'nyumba amalephera kumvana, koma pa denga la udzu imangonong'ona. Chinthu cholimba chikakhala ndi mng'alu, kulira kwake kumasinthanso. Mayi wogula mbiya amaigogoda ndi chala: yabwino imalira momveka, yong'aluka imalira mogontha. Wogwira ntchito mumgodi amagogoda denga la mwala ndi chitsulo chachitali, ndipo likalira ngati ng'oma amadziwa kuti mwalawo walekana ndi unzake ndipo ungagwe.

Madokotala nawonso amadalira nzeru imeneyi. M'chaka cha 1816 René Laennec, dokotala wa ku Paris, anakulunga mapepala ngati chitoliro, naika mbali ina pachifuwa cha wodwala ndi mbali ina kukhutu kwake, ndipo anamva kugunda kwa mtima momveka koposa kale. Kumeneko ndiko kunachokera chipangizo chimene dokotala amapachika m'khosi, chimene chimasonkhanitsa mawu a m'chifuwa ndi kuwatsekera m'njira imodzi kuti asamwazike.

Khutu ligwiritsa ntchito njira zonse zitatu

Mawu alionse amene munthu amamva amadutsa m'zonyamula zonse zitatu asanazindikirike. Poyamba amalowa ndi mpweya m'bowo la khutu nagwedeza kachikopa kopyapyala konga ka ng'oma. Kuseri kwa kachikopako kuli timafupa titatu, tating'ono koposa mafupa onse a m'thupi, timene timalandira kunjenjemerako. Kafupa kotsiriza kamakankha madzi a m'kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, ndipo mmenemo muli timaselo tokhala ndi titsitsi timene timatumiza uthenga ku ubongo.

Timafupa timeneti tili ndi ntchito yaikulu. Kwanenedwa kale kuti mawu amavutika kuchoka m'mpweya kulowa m'madzi. Kachikopa ka khutu ndi kotambalala, pamene khomo lolowera kumadzi aja ndi laling'ono kwambiri. Timafupa timasonkhanitsa mphamvu ya pamalo potambalala ndi kuiunjika pamalo pang'ono, ndipo motero mawu amaoloka malire aja. Palinso njira ina yachidule. Munthu akamalankhula, mawu ake ena amafika m'kati mwa khutu kudzera m'mafupa a mutu. Nchifukwa chake amene wamva mawu ake ojambulidwa kwa nthawi yoyamba amakana kuti si ake: iye anazolowera kudzimva kudzera m'fupa, pamene anzake amamumva kudzera m'mpweya wokha.

Nanga wailesi?

Womvera angafunse kuti, ngati mawu amafooka ndi kuchedwa chotero, amafika bwanji kuchokera ku nyumba youlutsira mawu kunka kumudzi wakutali? Yankho ndi lakuti chimene chimayenda pakatipo si mawu ayi. Cholankhulira chimasandutsa kunjenjemera kwa mpweya kukhala mphamvu ya magetsi, ndipo mlongoti umatumiza mafunde a wailesi, amene ndi a mtundu umodzi ndi kuwala. Mafunde amenewa safuna chowanyamula, ndipo ndi amene anabweretsa mawu a anthu aja a ku mwezi. Akafika pa wailesi ya womvera, wailesiyo imanjenjemeretsa kachikopa kake, nibala mawu atsopano m'nyumbamo.

Kuchokera ku Lusaka kufika ku Blantyre pali makilomita oposa 700 molunjika. Mawu enieni, akadakhala ndi mphamvu yofika, akadatha mphindi zoposa 30 panjira. Mafunde a wailesi amadutsa mtunda umenewo diso lisanaphethire, kotero kuti nthawi imene amatha ndi yochepa koposa imene mawu amatha kuchoka pa guwa kufika kwa munthu wokhala kumbuyo kwa tchalitchi.

Nzeru yotchinjiriza moyo

Chidziwitso chimenechi chili ndi phindu pa nyengo ya dzinja. Mphezi ndi bingu zimabadwa nthawi imodzi, koma kuwala kumafika pomwepo, bingu nkumatsatira pambuyo. Munthu akaona kung'anima awerenge masekondi kufikira bingu ligunde, ndipo masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi. Akawerenga 15, mphezi yagwa pa makilomita asanu. Chiwerengero chikamachepa pa kung'anima kotsatira, ndiye kuti mvula ikuyandikira. Alangizi a zanyengo amati chikakhala chosafika 30, munthu achoke kumunda, padambo, panyanja kapena pa bwalo la mpira, alowe m'nyumba yolimba kapena m'galimoto yotseka, asabisale pansi pa mtengo, ndipo adikire mphindi 30 chigundire bingu lotsiriza asanatulukenso.

Phindu lachiwiri ndi la munthu wotsekeredwa pansi pa nyumba yogumuka kapena mumgodi. Kufuula kumatha mphamvu ndi kulowetsa fumbi m'chifuwa, ndipo mawu a pakamwa amamezedwa ndi dothi. Koma kugogoda paipi, njanji kapena khoma ndi mwala kumayenda kutali m'zinthu zolimba, makamaka kukakhala kobwerezabwereza mwa dongosolo kuti omvera adziwe kuti ndi munthu. Opulumutsa anthu amalamula kuti onse akhale chete kwa kanthawi pofuna kumvetsera kugogoda kotere.

Phindu lachitatu ndi la khutu lenilenilo. Timaselo tija ta m'kati mwa khutu tikaonongeka ndi phokoso lalikulu sitimeranso. Wogwira ntchito pachigayo, m'fakitale kapena pa makina oboola miyala, amene amakhala tsiku lonse pamalo pamene ayenera kufuula kuti mnzake wapafupi amumve, amagontha pang'onopang'ono osazindikira. Zotsekera m'makutu zopangidwira ntchitoyo ndi zofewa dala, kuti zimeze kunjenjemera kusanafike pa kachikopa kaja. Mtengo wake ndi wochepa, ndipo amene azivala masiku onse adzamvabe mawu a adzukulu ake atakalamba.